Apongozi Anga ndi Sukulu Yopanda Denga

Sabata yathayi tamanga chiliza cha apongozi anga aamuna, Bambo Kalisito, amene kuno aliyense ankangowatchula kuti aPurufesori. Kumanda kunabwera anthu ochepa kuposa amene ndinkayembekezera. Ambiri amene anadutsa m'manja mwawo anatsalira ku Malawi nkhondo itatha, ena ali ku Tete, ena sitinamvenso za iwo. Simenti isanaume, mmisiri anafunsa ngati pansi pa dzina awonjezepo mawu oti mphunzitsi. Mwamuna wanga Paulino anayang'ana amalume ake, Bambo Andireya, amene anali atakhala pa njerwa, ndodo ili pakati pa miyendo. Iwo anangogwedeza mutu kuvomera. Tsiku lonselo sanatulutse liwu, ndipo zinandigwira mtima, chifukwa akuluakulu awiriwa, munthu ndi mlamu wake, anatha zaka zambirimbiri akutsutsana pa nkhani imodzi yokha: sukulu yabwino ndi iti, ya boma yaulere kapena ya misau, ya ansembe, yolipira.

Ine ndinabwera m'mudzi muno chitengwa, nkhondo isanakwere kumtunda kuno. Mpongozi sakhala pamphasa imodzi ndi apongozi ake aamuna, choncho zambiri zimene ndikudziwa za iwo ndinazimvera chapatali, ndikupeta nyemba kuseri kwa nkhokwe kapena nditagwada ndi madzi osamba m'manja. Ankanditchula mfunda wanga, Nambewe, ndipo sanandikalipirepo, komanso sanandiyamikirepo. Kuyamikira kwawo kwakukulu, kaya kwa mwana wasukulu, kaya kwa munthu amene wawachapira, kunali mawu amodzi: mwayesa.

Anali aatali, owonda, olankhula motsitsa. Kazako wawo wakuda, ndiye kuti jekete, sankamusiya ngakhale popita kudimba. Ankamuvula n'kumupachika pa mtengo wa pichesi, kenaka n'kugwira khasu. Asanagwire buku ankayamba asamba m'manja. Jizi, choko cholembera pa bolodi, ankamudula tizidutswa n'kumusunga m'kabokosi ka machesi, ndipo kachidutswa kakagwa pansi m'kalasi, phunziro linkaima mpaka kapezeke. Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Ana ankawaopa. Ankakoka makutu, ndipo mwana waulesi ankamutchula dzina la bambo ake pamaso pa anzake kuti manyazi akafike kunyumba. Kunyumba kwawo nakonso anali ouma. Apongozi anga aakazi, aNangozo, ankati anakwatiwa ndi munthu amene mutu wake unatsalira m'kalasi, kunyumba kumangobwera miyendo.

Onse awiri, iwo ndi a Andireya, anakulira m'manja mwa apadiri. A Andireya anatuluka katekista, apongozi anatuluka mphunzitsi, ndipo nthawi ya Apwitikizi ankaphunzitsa pa kasukulu ka misau ka m'mudzi muno. Kasukuluko kanali ndi mabuku, masileti, ndi mabenchi osagwedera. Kholo linkapereka chimanga kapena mazira, ndipo ana ankalima munda wa sukulu. Mwana amene kwawo sanapereke ankabwezedwa, ndipo wobwezayo anali apongozi. Ankanena kawirikawiri kuti m'zaka zimenezo ntchito yawo yeniyeni inali kuima pakhomo, kuphunzitsa kunali kongowonjezera. Ankakumbukira mayina a ana amene anawabweza kuposa a amene anakhoza. Mmodzi anali wamutu kwambiri, wotha kuwerengera m'mutu mofulumira kuposa iwo eni. Anamubweza chaka cha njala, ndipo anakathera m'minda ya fodya ya azungu.

Ufulu utabwera, boma linatenga masukulu onse n'kunena kuti mwana aliyense alowe osalipira. A Andireya anati kumeneko n'kuba katundu wa mpingo. Apongozi anakondwera, ngakhale kuti sanaphonyepo pemphero la Lamulungu ndi limodzi lomwe. Ana anakhamukira. Kalasi imene inkakhala ndi ana oti munthu n'kuwadziwa nkhope inadzaza mpaka ena kukhala pazenera. Mabenchi anathyoka, mabuku sanakwane, makaderinu, makope olembamo, ankang'ambidwa pakati kuti abale awiri agawane. Kutsutsana kwa alamu awiriwa kunayambira pamenepo, ndipo kunkachitika Lamulungu lililonse akatuluka ku kapela, pakhonde pa apongozi.

Ndimakumbukira tsiku lina a Andireya atafika chipewa chili m'manja, asanakhale n'komwe.

"Alamu, mwana wa Firipi uja ali mu kwarta kalasi kwanuko, chaka chachinayi. Lero ndamupatsa buku la nyimbo kuti awerenge, wangoliyang'ana ngati akuyang'ana khoma."

"Nthawi ya misau mwana wa Firipi akanakhala kuti?" anafunsa apongozi.

"Kubusa."

"Ndiye mukudandaula chiyani?"

"Kubusa akanadziwako ng'ombe. Kwanuko ng'ombe sakuzidziwa, buku sakulidziwa."

Apongozi anati, "Mng'ono wake akuwerenga. Mchemwali wake akuwerenga. Nthawi yanu ija m'nyumba ya Firipi simukanatuluka wowerenga ndi mmodzi yemwe. Inu mumasankha ana abwino n'kumanyadira kuti sukulu ndi yabwino."

A Andireya ankaima pa mfundo yakuti chinthu chaulere chilibe mwini. Kholo limene lasenza chimanga kupita nacho kusukulu, iwo ankatero, limabwera kudzafunsa chimene mwana waphunzira, koma kholo losapereka kanthu limangotumiza mwana kuti achoke pakhomo. Apongozi ankayankha kuti sukulu ya boma si yaulere ayi. Mlimi aliyense wailipirira kale kudzera m'chimanga chimene amagulitsa ku boma pa mtengo wotsika, kungoti malipirowo amasochera m'njira asanabwerere kumudzi. Ankatinso sukulu yokhala ndi mlonda pakhomo ndi loja, sitolo yogulitsa malonda, ndipo mwana sasankha bambo womubereka. Akafika pamenepo mawu ankakwera, aNangozo n'kutuluka kudzawauza kuti chakudya chikuzizira. Ankadya mbale imodzi, osayang'anana, Lamulungu linalo n'kuyambiranso.

Anthu amene anawadziwira ku Malawi, m'misasa ya kufupi ndi Dedza kumene tinadzathawira, sakhulupirira ndikawauza kuti bamboyu anali wotsutsa chotere. Kumeneko anali munthu wachete. Ankadzuka m'mawa kukagwira ganyu m'minda ya eni dziko, madzulo n'kukhala kumbuyo kwa msasa akuluka mphasa. Pamene anthu a zachifundo anatsegula makalasi a ana othawa nkhondo, anabwera kudzawapempha kuti aphunzitse, popeza aphunzitsi odziwa Chipwitikizi ankasowa. Anakana. Anabweranso, anakananso, osapereka chifukwa. Chifukwacho ife tinkachidziwa, ndipo chinachokera m'chaka chomaliza tisanathawe.

Nkhondo inafika kuno pang'onopang'ono. Poyamba tinkangomva kuti msewu wa ku Tete sukudutsika. Apongozi ankapalasa njinga kupita ku Ulongwe kukapempha jizi ndi mabuku, n'kubwerako chimanjamanja, chifukwa nawo a kumeneko analibe choti n'kugawa. Malipiro awo anayamba kuchedwa, kenaka analekeratu. Ndiye tsiku lina m'mawa, chimanga chili m'mawondo, anyamata a m'tchire, a mfuti omenyana ndi boma aja, analowa m'mudzi. Tonse tinathawira kudambo. Pobwerako tinapeza atenga mbuzi ndi zofunda, sukulu ataitentha. Denga lonse linagwera m'kati, munangotsala makoma akuda ndi utsi. Aliyense ankadziwa kuti anthu amenewa ankasaka aphunzitsi a boma kuposa wina aliyense. Aphunzitsi anzawo a apongozi anachoka sabata yomweyo. Iwo anatsala, chifukwa aNangozo anali atayamba kale chifuwa chimene chinadzawatenga, ndipo ulendo sakanautha.

Miyezi imeneyo tinavutika. Nkhokwe inali itapsa mbali imodzi, mankhwala a chifuwa ankapezeka kutsidya kwa malire kokha, ndipo ankafuna ndalama. Pamenepo ndi pamene kunabwera Bambo Zakariya, wamalonda wa mbatata ya kachewere amene ankagulitsa ku Domwe ndi kuwoloka nayo ku Malawi. Anakhala pakhonde n'kunena mosazungulira. Iye ndi anzake angapo amalonda sankafuna kuti ana awo aiwale zimene anaphunzira. Anali ndi nyumba yosungira mbatata kuseri kwa loja yake, yofolera malata. Masileti ndi makaderinu abweretsa kuchokera kutsidya. APurufesori aziphunzitsa ana awo okha, ndipo malipiro adzakhala chimanga mwezi ndi mwezi, ndi mankhwala a mayi. Anawonjeza kuti pamalo pamenepo palibe amene angati ndi sukulu ya boma, choncho n'posaopsa.

Ndinali pafupi, ndikusenda mbatata, ndipo ndinkadikira kuti amuthamangitsa. M'nyumba aNangozo anatsokomola nthawi yaitali. Apongozi anadikira mpaka chifuwacho chitaleka, n'kufunsa kuti ayambe liti.

A Andireya sanaseke. Ndikuganiza kuti apongozi akanakonda kuti aseke, kuti apeze poyambira mkangano. Koma chimene chinawapweteka kwambiri sichinali kulandira chimangacho ayi. Chinali chakuti ana a m'nyumba ya mbatata ija ankaphunzira. Anali ochepa, aliyense ndi sileti yake, atadya m'mawa. Mvula isanathe, ana amene pa sukulu yakale ankalephera zilembo anali akuwerenga ndime yathunthu. Lamulungu lina apongozi ananena okha, osafunsidwa.

"Alamu, ana aja akuwerenga."

"Ndamva."

"Mphunzitsi ndi yemweyo. Mutu ndi womwewo. Kusiyana kwake ndi sileti ndi phala la m'mawa."

"Ndi zimene ndinkanena," anatero a Andireya, koma motsitsa.

"Ayi, inu munkati ndi chifukwa cha kulipira. Ine ndikuti ndi sileti ndi phala. Boma likanatipatsa zimenezi..."

Sanamalize. Anangopukusa mutu n'kuyang'ana kudimba.

M'mudzi munali mayi wina wamasiye, mwamuna wake atafera pamsewu wa ku Tete. Mwana wake wamkazi, Luiza, anali atatsala pang'ono kumaliza kwarta kalasi pamene sukulu inkapsa, ndipo apongozi ankamutchula ngati mmodzi mwa ana ogwira zinthu msanga. Mayiyo anapita naye ku nyumba ya mbatata, atanyamula kadengu ka nyemba. A Zakariya anati sizingatheke; akalola mmodzi, mawa kubwera mudzi wonse, ndipo gulu likakula anyamata a m'tchire amva. Sankanama. Anauza apongozi kuti amufotokozere mayiyo iwo eni, popeza amawamvera. Apongozi anatuluka, anaima pakhomo, namuuza kuti malo palibe. Luiza anawayang'ana, anasenza kadengu kaja, n'kutsatira mayi ake.

Tsiku limenelo atafika kunyumba sanavule kazako. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, chakudya osachikhudza. M'mawa mwake anapita kwa a Zakariya monga mwa masiku onse, koma masana, m'malo mobwera kunyumba, analunjika ku sukulu yopsa ija. Anasesa phulusa m'kalasi imodzi, anatola makala a mitengo ya denga, nalemba zilembo pakhoma. Anatuma uthenga kuti mwana aliyense wofuna abwere dzuwa likapendeka, asatenge kanthu.

Aliyense anawaletsa. Paulino anawaletsa, aNangozo analira, a Andireya anabwera pakati pa sabata, chinthu chimene sankachita.

"Alamu, makoma amenewo anyamata a m'tchire akuwadziwa. Anawatentha okha. Ngati mukufuna kuphunzitsa ana osauka, aphunzitseni ku kapela."

"Ku kapela ndi kwa mpingo. Ana a boma aphunzire pa malo a boma."

"Boma lake liti? Mwaliona liti komaliza?"

"Likadzabwera lidzapeze sukulu yake ili moyo."

Anali ouma mutu, ndanena kale. Ana anabwera ambiri, opanda nsapato, ena atabereka azing'ono awo. Ankakhala pansi pa phulusa n'kumalemba ndi zala. Luiza ankakhala kutsogolo, ndipo apongozi ankamupatsa ana aang'ono kuti awathandize. Kwa masabata angapo ndinawaona akubwera kunyumba manja ali bii ndi makala, atatopa kwambiri, koma akudya bwino.

Anyamata a m'tchire anabwera tsiku lina dzuwa litapendeka, ana ali m'kalasi. Ine ndinali kuchitsime kumunsi kwa sukulu, ndipo ndinaona mfuti zikutulukira m'chimanga mbali zonse ziwiri za makoma aja. Paulino anali atapita ku malire ndi mbatata. Ndinasiya ndowa n'kuthamangira kwa a Andireya. Atamva, sanafunse funso. Anavala korona m'khosi, anatenga buku la katekisimu, nayamba kuyenda. Ndinawatsatira chapatali, koma tisanafike anatigwira tonse amene tinali m'njira n'kutikhazika pabwalo la sukulu kuti tione.

Anyamatawo anali atawakhazika pansi apongozi, manja atawamanga kumbuyo, nsapato ndi kazako atawavula. Ana anali ataunjikana pakona. Mkulu wa gululo anali mnyamata wosapitirira msinkhu wa Paulino, wa maso ofiira ndi tulo. Ankawerenga zolemba pakhoma, chikwanje chili m'manja. A Andireya anayenda molunjika kwa iye, buku lili patsogolo.

"Mwana wanga, munthu uyu ndi wothandiza wanga. Ine ndine katekista wa mudzi uno. Ana awa tikuwakonzekeretsa ubatizo."

"Ubatizo wa masamu?" anafunsa mnyamatayo, akuloza khoma ndi chikwanje.

"Mwana wosadziwa nambala sangapeze nyimbo m'buku. Wosadziwa zilembo sangawerenge pemphero. Kapela yathu ndi yaing'ono, n'chifukwa chake tabwera m'bwinja muno."

Mnyamatayo anayang'ana korona uja nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa apongozi.

"Anene yekha. Mdala, ndinu wa boma kapena wa mpingo?"

Ndinkamva mwana wina akulira chamumtima. Apongozi anayang'ana ana aja, anayang'ana khoma, kenaka anayang'ana pansi.

"Ndine wa mpingo."

"Nanga sukulu ya boma?"

"Sukulu ya boma inatha."

"Kwezani mawu, anthu amve."

Anabwereza mokweza. Mnyamatayo analamula ana kuti anene pemphero, ndipo ananena Atate Athu mpaka kumapeto. Anawamasula apongozi, atawamenya kumsana ndi mbali yosathwa ya chikwanje kuti asadzalembenso pakhoma limenelo. Tinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma anali ndi katundu amene analanda m'midzi ina, ndipo ankafuna omusenza. Ana anali kale pamodzi, osafunika kuwasaka. Anasankha okulirapo. Luiza anali m'gulu limenelo. A Andireya anagwada, anapempha, anadzipereka kuti asenze iwo, koma anangowakankha. Apongozi anayesa kudzuka, koma anagweranso pansi. Tinaona anawo akulowa m'chimanga, mitolo ili pamutu, mpaka mmera unawabisa.

Ena anabwerera patapita masiku, mapazi atatupa. Luiza sanabwerere. Ana a m'nyumba ya mbatata sanakhudzidwe. Mawa lake lomwelo a Zakariya anawakweza pa kamyau, lole ija, n'kuwawolotsa malire, ndipo ndikumva kuti ena mwa iwo lero ali m'maudindo. Ifenso tinanyamuka sabata yomweyo, aNangozo titawagoneka pa ngolo. Anamwalira kutsidya chaka chisanathe, ndipo tinawaika m'manda a eni dziko.

Za tsiku lija a Andireya sanazitchulepo, ngakhale kamodzi. Munthu amene ankakumbukira mawu alionse amene mlamu wake analakwitsa zaka zapitazo, mawu akuti ndine wa mpingo anawasiya pomwe anagwera. Chimene ankachita ku msasa kuja n'kuyesa kuputa mkangano wakale, ngati munthu wokoleza moto pa nkhuni zonyowa. Ankabwera n'kunena kuti masukulu a misau a ku Malawi akukhozetsa ana kuposa a boma, n'kudikira. Apongozi ankangopitiriza kuluka. Tsiku limodzi lokha ndi limene anayankha.

"Alamu, lekani. Yolipira inamubweza mwana uja, yaulere inamupereka. Konse kuwiri woima pakhomo ndinali ine."

"Simunamutenge ndinu," anatero a Andireya.

"Ndinamusonkhanitsa."

Mtendere utabwera tinabwerera. Tinapeza mudzi utamera tchire, ndipo tinayambira pa kusema mitengo ya nyumba. Luiza anatulukira patapita miyezi, wamkulu, wowonda, akutsogoza kamnyamata. Zimene anaona sanauze munthu, ndipo palibe anamufunsa. Apongozi akakumana naye panjira ankavula chipewa n'kupatuka, ngati akudutsa apongozi awo. Iye ankawapatsa moni mwaulemu n'kupitirira. Zinakhala choncho mpaka chaka chimene boma linamanga sukulu yatsopano m'mbali mwa msewu. M'mawa wina Luiza anafika pakhomo pathu atamugwira mwana uja padzanja.

"APurufesori, uyu wakwana zaka. Ine kumeneko sindikudziwako zonena. Mukamulembetse ndinu."

Apongozi analowa m'nyumba, anasamba m'manja, anavala malaya abwino, namutenga mwanayo. Anabwerako masana, ndipo ndinawapatsa madzi.

Kuphunzitsa sanabwerere, koma kuyambira tsiku limenelo sanaphonye msonkhano wa makolo pa sukulu yatsopanoyo. Ankakhala kumbuyo, n'kuimirira kumapeto kufunsa mafunso omwewo chaka ndi chaka: mabuku afika angati pa ana onsewa, mphunzitsi mmodzi akusunga bwanji gulu lotere, denga la kalasi yachiwiri lidzafoleredwa liti. A diretori achinyamata, akulu a sukuluyo, ankawayankha moleza, makolo ena ankang'ung'udza kuti mdalayu akutichedwetsa. Pa ntchito youmba njerwa anali oyamba kufika, msana utapindika kale. Mkangano wa Lamulungu unabwereranso, koma unali wa anthu otopa. Wina ankanena mfundo yake, winayo n'kuyankha ndi mfundo imene onse ankaidziwa kale, kenaka onse n'kuwodzera padzuwa.

Nthawi imeneyo masukulu olipira anali ataloledwanso, ndipo Paulino, malonda ake a mbatata atayamba kuyenda, anaganiza zotumiza mwana wathu wamkazi ku ina ya m'tauni. Anaopa kuwauza bambo ake, mpaka mwanayo anaulula yekha. Apongozi anatiitana tonse awiri. Tinakhala pansi tikudikira mawu owawa.

"Mutumizeni," anatero. "Akaphunzira bwino kumeneko, zimenezo ndinaziona ndi maso anga. Koma musadzamuuze kuti wapita chifukwa ndi wanzeru kuposa amene atsala. Muzimuuza kuti bambo ake anali ndi mbatata."

Anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala masiku ochepa, opanda mawu otsiriza oti munthu n'kuwasunga.

Sukulu yakale ija ili kumtunda kwa chitsime, ndipo ndimadutsapo tsiku lililonse. Makoma anagwa kalekale, njerwa zabwino anthu anatola n'kumangira makola. Patsala maziko, ndi chidutswa chimodzi cha khoma chofika m'chiuno, chimene mvula yachitsuka mpaka kuyera. M'kati mwa kalasi wina anabzalamo nyemba chaka chatha, koma sizinachite bwino, nthaka yake ndi youma ndi phulusa. Panopa mwamera chisoso ndi nsonthi. M'mawa ana a sukulu ya kumsewu amadula njira pomwepo, akuthamanga kuti asachedwe, osadziwa kuti akuponda pati. Iwo akadutsa pamabwera ena, amene sapita kusukulu iliyonse, ndi mbuzi zawo. Amakhala pakhoma lija miyendo ili lendelende, kuwothera dzuwa mpaka nkhungu itachoka.